Kodi firewall yoyang'anira zotuluka idakali ndi ntchito?

Wowerenga wina wanditumizira imelo, ndipo ndaona kuti ndibwino ndiyankhire pano chifukwa funso lake ambiri ali nalo. Akuti kale ankagwiritsa ntchito ZoneAlarm, firewall (pulogalamu yolola kapena kuletsa zolowa ndi zotuluka pa intaneti), pa kompyuta ya Windows XP, ndipo mtima unkakhala m'malo akamaona kachenjezo kakutuluka pa sikirini nthawi iliyonse pulogalamu ikafuna kupita pa intaneti. Panopa agula laputopu ya Windows 11, koma mnzawo wawauza kuti zimenezo zinapita ndi nthawi, n'kungodzivutitsa. Ndiye akufunsa kuti: "Ndiikebe firewall yoyang'anira zotuluka, kapena masiku ano siteteza chinsinsi cha munthu?"

Achimwene, mnzanuyo sananame, koma wapitirira nazo. Ntchito idakalipo. Kungoti yachepa, ndiponso si ntchito imene ambiri amayembekezera akamaiika.

Firewall imene munaipeza kale m'kompyuta mwanu imayang'ana kwambiri za kunja zofuna kulowa. Microsoft inayamba kuiyatsiratu mu 2004 ndi Service Pack 2 ya Windows XP, ndipo kuyambira pa Windows Vista imathanso kuletsa zotuluka. Koma imabwera itatsegula njira: pulogalamu iliyonse imatuluka mwaufulu pokhapokha inuyo mutailembera lamulo, ndipo siikufunsani chilichonse. Ya pa Mac nayo imangoona zolowa. Mpata umenewu ndi umene mapulogalamu ena anabwera kudzatseka, monga Little Snitch ya kampani ya Objective Development ya ku Vienna, LuLu yaulere ya Patrick Wardle, OpenSnitch pa Linux, ndiponso simplewall ndi Portmaster pa Windows.

M'masiku a ZoneAlarm zinthu zinali zosavuta kuweruza. Mapulogalamu ambiri analibe chifukwa chopitira pa intaneti. Wolembera makalata ankalemba makalata, woimbira nyimbo ankaimba nyimbo, basi. Ndiye kapulogalamu kachilendo kakapempha kutuluka, munthu unkadziwiratu kuti pali chinachake. Komanso zambiri zinkayenda poyera, zosabisidwa, moti wodziwa ankatha kuziwerenga. Lero pafupifupi chilichonse chimadutsa pa khomo limodzi lotchedwa port 443, chitamatidwa ndi HTTPS (njira yobisira uthenga), makamaka chiyambire bungwe la Let's Encrypt kupereka kwaulere masatifiketi ofunika pa kumataku mu 2015. Kumata kumeneku n'kwabwino kwambiri chifukwa kumakutetezani kwa anthu osuzumira panjira. Koma kumatsekanso maso firewall yanu. Ili ngati mlonda wa pachipata amene amaona amene akutuluka ndi kumene akulowera, koma envelopu imene wanyamula saloledwa kuitsegula. Ingakuuzeni kuti pulogalamu yakuti ikulankhula ndi seva yakuti. Zimene akuuzana, kaya ndi kufunsa ngati kwatuluka mtundu watsopano, kaya ndi mndandanda wa mafayilo amene munatsegula dzulo, siidziwa.

Ngakhale "kumene akulowera" komweko sikumveka bwino masiku ano. Makampani ambiri sasunga maseva awoawo. Amabwereka kwa Amazon, Google, Microsoft, kapena amabisala kuseri kwa Cloudflare ndi Akamai. Ndiye kachenjezo kamatuluka n'kunena kuti pulogalamu yanu yojambulira ikufuna kulumikizana ndi adiresi ya zilembo ndi manambala osokonekera, yothera ndi cloudfront.net. Mulole kapena mukane? Adiresiyo ikungokuuzani kuti katunduyo ali m'manja mwa Amazon. Mwini wake ndani, siikunena. Firewall imene imangoona manambala a IP (adiresi ya manambala ya kompyuta pa intaneti) popanda dzina la domeni (dzina monga facebook.com) ndiye imasocheretsa kwambiri, pakuti nambala imodzi imatha kukhala ya mawebusaiti ambirimbiri osagwirizana n'komwe.

Koma bowo lalikulu ndi browser, ndipo apa ndi pamene mnzanuyo ali ndi mfundo yamphamvu. Tsiku loyamba lomwe mudzailola kupita kulikonse, chifukwa popanda kutero simungaigwiritse ntchito. Tsono zambiri zimene zimaulula za moyo wanu zimadutsa mmenemo. Tsamba limodzi la nkhani limatha kuitana madomeni ena ambiri a otsatsa malonda ndi owerengera alendo, ndipo kwa firewall zonsezo ndi pulogalamu imodzi yomwe munailoleza kale. Mungayese kulemba malamulo a domeni iliyonse, inde, koma mudzatopa lisanathe tsiku. Ntchito imeneyi imagwiridwa bwino m'kati mwa browser momwemo, ndi chida monga uBlock Origin cha Raymond Hill, chifukwa chimaona pempho lililonse lisanamatidwe, chimadziwanso tsamba limene lalituma. Chidachi chimagwira ntchito mokwanira pa Firefox. Pa Chrome malamulo a Google okhudza zida zoterezi, otchedwa Manifest V3, anachidula mapiko. Ndipo zimene mumapereka nokha mutalowa mu akaunti yanu ya Google kapena Facebook, zimene mumafufuza, zimene mumadina, anthu amene mumalemberana nawo, palibe firewall imene ingazibweze. Zimapita kumene inu mwini mwazituma.

Chimodzimodzi ndi mapulogalamu amene moyo wake ndi intaneti: ochezerapo, osungira mafayilo pa maseva akutali, oonerapo makanema. Kampani ikafuna kutenga zambiri za kagwiritsidwe ntchito kanu, ingathe kuzitumiza pa adiresi yomweyo imene pulogalamuyo imagwirira ntchito yake yeniyeni. Mukatseka, pulogalamu yafa. Mukatsegula, zonse zadutsa.

Pa Windows pali vuto lina lakelake, dzina lake svchost.exe. Mudzaliona kambirimbiri. Si pulogalamu imodzi ayi, ndi chonyamulira ntchito zambiri za Windows: kufufuza maadiresi a mawebusaiti, kukonza wotchi, kubweretsa zigamba zachitetezo, komanso ntchito ya DiagTrack imene imatumiza malipoti ku Microsoft. Munthu wopsa mtima amangoti "kana zonse", mawa lake n'kudabwa kuti intaneti yasiya kugwira. Wina amangoti "lola zonse", osadziwa kuti mapulogalamu ena amatha kutumiza zinthu zawo kudzera m'ntchito zomwezi. Kusiyanitsa kumafuna firewall yodziwa kupatula ntchito imodzi ndi inzake, kumafunanso munthu woleza mtima.

Ndipo musaiwale kuti firewall imakhala m'nyumba ya mwini opaleshoni sisitimu (monga Windows kapena macOS), imaona zokhazo zimene mwiniyo waionetsa. Zinaonekera poyera mu 2020 pamene Apple inatulutsa macOS Big Sur. Munali mndandanda wotchedwa ContentFilterExclusionList, wa mapulogalamu a Apple oposa 50 amene ankadutsa osaonedwa ndi Little Snitch kapena LuLu. Patrick Wardle anasonyeza kuti pulogalamu yoipa ikhoza kukwera pamsana pa amenewa n'kutuluka mwakachetechete. Anthu atadandaula kwambiri, Apple inachotsa mndandandawo mu macOS 11.2 kumayambiriro kwa 2021. Zinakonzedwa, koma phunziro lake silinachoke: ngati amene simukumukhulupirira ndi wopanga sisitimuyo, chida chokhala m'kati mwa sisitimu yake sichingakhale mboni yokwanira.

Nanga bwanji ndikunenabe kuti ntchito ilipo?

Chifukwa mapulogalamu amene alibe chochita pa intaneti adakalipo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo amapitako. Chowerengera PDF, chosinthira zithunzi, chopanikizira mafayilo, kapulogalamu kamene kanabwera ndi pulinta kapena mbewa ya kompyuta. Mukangoika firewall n'kutsegula kapulogalamu kotere, nthawi zina musanadine chilichonse mumaona mizere ikutsatizana: google-analytics.com, kenako graph.facebook.com, kenako domeni yolandirira malipoti a zolakwika. Apa palibe chovuta kuweruza. Simukufunika kudziwa zimene zili m'uthengawo. Chowerengera PDF chilibe nkhani ndi Facebook, mwatseka, ndipo chipitiriza kutsegula mafayilo anu ngati kale. Palibe chida china chimene chimachita zimenezi mwachindunji chotere. VPN siichita, imangosintha njira imene uthengawo ukudutsa, koma ukafikabe kumene umapita. Antivayirasi nayo siiletsa, chifukwa kwa iyo pulogalamuyo ndi yovomerezeka.

Nthawi zambiri olemba mapulogalamu satumiza zimenezi ndi mtima woipa. Amatenga zidutswa zopangidwa kale ndi makampani akuluakulu n'kuziphatika mu pulogalamu yawo, ndipo zidutswazo zimayamba kulankhula ndi kwawo. Mu Malichi 2020 zinadziwika kuti Zoom ya pa iPhone inkatumiza ku Facebook zambiri za foni ya munthu, ngakhale amene analibe akaunti ya Facebook, chifukwa cha chidutswa chothandiza kulowa ndi akauntiyo. Zoom inachichotsa nkhaniyo itatuluka. Zoterezi, zopita ku domeni ya kampani ina yapadera, ndi zimene firewall imagwira bwino kwambiri, chifukwa mungatseke domeniyo n'kusiya pulogalamu ikugwira ntchito.

Phindu lachiwiri, lomwe ine ndimaliona lalikulu kuposa kutsekako, ndi kuona. Pa 12 Novembala 2020 makompyuta ambiri a Mac anayamba kuchedwa kutsegula mapulogalamu, eni ake osadziwa chifukwa. Wolemba mapulogalamu wina, Jeff Johnson, anagwiritsa ntchito Little Snitch n'kupeza kuti kantchito kotchedwa trustd kankayesa kufunsa seva ya ocsp.apple.com, yomwe tsikulo inalemedwa. Ndi mmene anthu wamba ambiri anadziwira kuti Mac imafunsa ku Apple za satifiketi ya wopanga pulogalamu imene ukutsegula, ndiponso kuti funsolo linkayenda losabisidwa. Cholinga chake chinali chitetezo, osati ukazitape, komabe Apple inalonjeza kusiya kusunga manambala a IP a mafunso amenewa. Zikanakhala kuti palibe amene ankayang'ana zotuluka, nkhaniyi sikanakambidwa n'komwe.

Pa mavayirasi ndiye musaikepo mtima kwambiri. Yolembedwa mwaluso imabisala m'pulogalamu imene munailola kale, kapena imatulutsa zinthu pang'onopang'ono kudzera m'mafunso a DNS (amene kompyuta imafunsa pofufuza maadiresi a mawebusaiti), ndipo ikapeza mphamvu za administrator imatha kungozimitsa firewall. Komabe pali kankhani kamene kamandiseketsa. Vayirasi ya Flashback, imene inagwira makompyuta a Mac pafupifupi 600,000 mu 2012, inkayamba yayang'ana ngati m'kompyutamo muli Little Snitch, ikaipeza n'kudzifufuta yokha. Amene anailemba ankaopa kuonekera. Nkhani ya 2017 ya CCleaner, pulogalamu yochotsa zinyalala m'kompyuta, imaphunzitsa zina. Akuba analowetsa zoipa mu mtundu 5.33 wa pulogalamu yodalirikayi, wosainidwa bwinobwino, ndipo unafika kwa anthu oposa 2 miliyoni. Unkatumiza zambiri za kompyuta ku seva yachilendo. Amene anali atalola CCleaner kupita kulikonse sakanaona kanthu. Amene anailola kufika kwa eni ake okha akanalandira funso latsopano. Kusiyana kwake kunali m'kalembedwe ka lamulo, osati m'dzina la firewall.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Machenjezo akachuluka, dzanja limazolowera kudina Allow maso asanawerenge, ndipo pakatha mwezi firewall yasanduka chokongoletsa. Njira yabwino ndi kuyamba mwakachetechete. Ilekeni ilole zonse ikulemba, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mukhale pansi muwerenge mndandandawo muli ndi nthawi. Yambani ndi mapulogalamu osafuna intaneti, muwatseke kotheratu, koma muzikumbukira kuwasintha nokha mtundu watsopano ukatuluka. Kenako onani ofuna intaneti, mutseke madomeni a otsatsa ndi owerengera okha. Windows Update, zosintha za browser, wotchi ndi zofufuza masatifiketi musazikhudze. Kompyuta yosalandira zigamba ili pangozi yaikulu kuposa imene ikutumiza malipoti ku Microsoft, ndipo malipotiwo mungawachepetse mu Settings popanda kuthyola kanthu.

Za foni simunafunse, koma kunena zoona ndi kumene zinsinsi zambiri zimathawira. Pa Android pali NetGuard, imene imadzipanga ngati VPN ya m'foni momwemo kuti ione zotuluka. Vuto lake n'lakuti Android imalola VPN imodzi pa nthawi imodzi, ndiye muyenera kusankha. Pa iPhone, kuyambira iOS 15.2, pali App Privacy Report imene imaonetsa madomeni amene mapulogalamu anu alankhula nawo m'masiku 7 apitawo, ngakhale siiletsa. TV yolumikizidwa ku intaneti ndiye simungaiike chilichonse, chonsecho mu 2017 kampani ya Vizio inalipira madola 2.2 miliyoni ku America chifukwa chotolera mwachinsinsi zimene anthu ankaonera pa ma TV 11 miliyoni. Zida zoterezi zimafuna chotsekera cha netiweki yonse monga Pi-hole, ngakhale nacho chimalambalalidwa ndi zida zimene zimabisa mafunso awo a DNS.

Posankha firewall yoti muike, kumbukirani kuti mukuipatsa mphamvu yoona kulikonse kumene kompyuta yanu imapita. Mawu akuti "chitetezo" pa chikuto si umboni. Mu 2020 zinaululika kuti Avast, kampani ya antivayirasi, inkagulitsa mbiri ya mawebusaiti amene makasitomala ake ankatsegula kudzera ku kampani yake ya Jumpshot, ndipo mu 2024 bungwe la boma loteteza ogula la FTC ku America linailipiritsa madola 16.5 miliyoni. N'chifukwa chake ine ndimakonda zida zing'onozing'ono zimene khodi yake ili poyera kuti aliyense aiwerenge, osati zikuluzikulu zolonjeza kuchita zonse.

Ndiye pa laputopu yanuyo, ndikanakhala inu ndikanayamba ndi browser: Firefox ndi uBlock Origin. Kenako ndikanachotsa mapulogalamu onse amene anabwera ndi laputopuyo omwe sindiwafuna, chifukwa pulogalamu yochotsedwa siifuna lamulo lililonse. Zikatero ndikanaika simplewall kapena Portmaster. Simplewall ndi yopepuka, imagwiritsa ntchito makina osefera amene ali kale mu Windows, koma imayembekezera kuti mukudziwa zimene mukuchita. Portmaster imaonetsa mayina a madomeni momveka bwino ndipo imabwera ndi mindandanda yotsekera otsatsa, choncho kwa munthu amene akubwerera ku zinthuzi patapita zaka zambiri, ndiyo yosavuta kuyamba nayo.