Musathamangire kuonjezera stagger, achimwene

Achimwene, mwati kart yanu, kagalimoto kampikisano kaja, ikukana kukhota pa kona. Amene akukuuzani kuti mungoonjezera stagger basi, ndiko kuti kusiyana kwa kukula kwa tayala lakumbuyo kumanja ndi lakumanzere, musawamvere msanga. Anthu amenewa amandipsetsa mtima. Amaima pambali pa kart ya mnzawo manja ali m'thumba, sanayeze tayala ngakhale limodzi, koma pakamwa pokha ndiye pali changu. Mukakaphwanya mphuno pa khoma satulutsa ngakhale dola imodzi yogulira spindle, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo.

Kart ilibe differential, chipangizo cholola matayala awiri kuzungulira pa liwiro losiyana. Matayala awiri akumbuyo ali pa ekiselo imodzi, amazungulira limodzi, ndipo poti pa oval, bwalo looneka ngati dzira, timangokhotera kumanzere, lakumanja limayenda mtunda wautali kuposa linzake. N'chifukwa chake liyenera kukula. Masamu ake ndi awa: tengani kuzungulira kwa tayala lakumanja, chulukitsani ndi mtunda wochokera pakati pa tayala ili kufika pakati pa linzake, gawani ndi radius ya kona, mtunda wochokera pakati pa bwalo lomwe konayo imapanga kufika pomwe mukudutsa. Tayala la mainchi 34, mtunda wa mainchi 30, kona ya mafiti 80 omwe ndi mainchi 960, mupeza stagger ya inchi imodzi ndi kanthu pang'ono. Pa mabwalo a dothi a ku North ndi South Carolina ku America ambiri amathamanga ndi stagger ya pakati pa mainchi 3/4 ndi 1 1/2. Bwalo laling'ono lathyathyathya limafuna yambiri, lalikulu lopendekeka limafuna yochepa.

Tsono imvani zimene zimachitika mukaionjeza mopyola. Mwalowa kona, kart yakhota ngati yamva mawu anu, mtima wayera. Mwaponda mafuta potuluka, kumbuyo kwatereraa, mwabweza chiwongolero kumanja kuti muigwire, matayala akutsogolo aluma dothi mwadzidzidzi, mphuno yaloza khoma. Zonsezi m'kuphethira kwa diso. Mukapulumuka khomalo, wakumbuyo kwanu wakulowani m'nthiti. Ndipo ngakhale musagunde kanthu, pa mzere woongoka kart imakokerabe kumanzere, inu mukuilimbana nayo, tayala limodzi likukwekwereza pansi, rpm, liwiro la injini, ikutsika. Mumafika ku pit, kokonzera makart, n'kumanyoza injini ya LO206 yosalakwa.

Chimene alangizi aja sakuuzani ndi ichi. Mukaika tayala laling'ono kumbuyo kumanzere, ngodya imeneyo imatsika. Kuchepetsa 1/4 ya inchi pa kuzungulira kumatsitsa ekiselo ndi pafupifupi 0.04 ya inchi, kachinthu kosaoneka ndi maso, koma kart ilibe masipuling'i oti abise zimenezo. Kulemera kumachoka pa tayalalo ndi pa lakutsogolo kumanja, cross yatsika. Mwasintha zinthu ziwiri mukuganiza kuti mwasintha chimodzi. Bwererani pa sikelo zinayi, imodzi pansi pa tayala lililonse, pamalo osalala, woyendetsa atakhalamo ndi chipewa chake, mafuta ali mu thanki, mpweya uli wa mpikisano. Cross ndi kulemera kwa lakutsogolo kumanja kuphatikiza lakumbuyo kumanzere, kugawa ndi kulemera konse. Manambala oyambira tengani pa pepala la amene anapanga chasisi yanu, kaya ndi Phantom kaya Ultramax, osati ya mnansi wanu.

Ena ondinyansa ndi ogulitsa matayala akale amene amalemba ndi choko kuti kuzungulira kwake ndi mainchi 33 koma sanena kuti anayeza pa mpweya wanji. Tayala la Maxxis kapena Burris limakula mukalipopa. Nambala yopanda psi, muyeso wa mpweya, ndi bodza. Yezani nokha ndi tepi yopyapyala ya 1/4, pakatikati pa tayala, lili pa rimu yake, pa mpweya womwe muthamangire, kaya ndi psi 5 kaya 6. Mukangotuluka m'bwalo yezaninso lisanazizire, chifukwa lakumanja limatentha kwambiri n'kukula, stagger yomwe munayamba nayo si yomwe mumamaliza nayo. Lembani zonse ziwiri m'kope.

Khalani ndi matayala atatu akumbuyo kumanzere, 32 3/4, 33 ndi 33 1/4, muzisintha amenewo. Lakumanja lisiyeni, mukalikhudza mwakhudzanso giya. Kukulitsa tayala, lipopeni mopyola pang'ono, muliike padzuwa kapena mulitenthetse, lizizire mpweya uli momwemo. Kulichepetsa, chotsani kamtima ka valavu, litenthetseni, mulimize m'madzi ozizira. Musalipope ngati la njinga likutentha, rimu ya aluminiyamu si yoseweretsa.

Ndipo simunatiuze kuti ikukana pati. Ngati ndi polowa kona, yang'anani kutsogolo: kulemera kwa mphuno, camber (kupendekeka kwa tayala) ya kumanja, mpweya. Ngati ndi potuluka mutaponda mafuta, cross ndiye yoyamba kuikayikira. Stagger imalamula kwenikweni pakatikati pa kona, pomwe kart ikungoyenda yokha musanaponde. Dothi nalonso limasintha pakati pa masana ndi usiku, ndiye zomwe zinagwira pa practice poyeserera mwina sizigwira pa feature, mpikisano waukulu womaliza.

Komabe ngati heat yanu, mpikisano woyambirira, yatsala mphindi khumi kuti iyambe, sikelo mulibe, ndipo mukuimva ikulimba pakati penipeni pa kona injini n'kumalira motsamwa, onjezerani stagger ndi 1/8 ya inchi muthamange. Osati 1/4, 1/8 yokha. Mukabwera mutiuze manambala otentha ndi ozizira.