Katuni ya anthu awiri anjala pachilumba ija ndi Wackiki Wabbit

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga. Akuti ali mwana bambo awo anagula DVD ya makatuni ambirimbiri pamsika, ndipo pali katuni imodzi imene siwachoka m'mutu mpaka lero. Amuna awiri atayika panyanja, njala yawapha, wina akayang'ana mnzake akuona ngati chakudya, kenako afika pachilumba n'kupeza kalulu. Akufunsa dzina lake, komanso chifukwa chake katuni imeneyi imapezeka pa DVD iliyonse yotchipa.

Mayi, mwakumbukira bwino kwambiri. Katuniyo ndi Wackiki Wabbit, inatuluka mu 1943 ku America pansi pa Merrie Melodies, mndandanda wa makatuni a kampani ya Warner Bros, ndipo anaiongolera ndi Chuck Jones. Kaluluyo ndi Bugs Bunny, mawu ake ndi a Mel Blanc. Dzina la katuniyo angoseweretsa mawu a Waikiki, gombe lotchuka la ku Honolulu ku Hawaii. Ndi yaifupi, mphindi ngati 7 basi.

Koma chimene ine chimandisangalatsa, ndipo anthu ambiri sachidziwa, n'chakuti amuna awiri anjalawo si anthu ongopeka ayi. Wamtali woonda uja ndi Tedd Pierce, wamfupi wonenepa ndi Michael Maltese, onse awiri anali olemba nkhani za makatuni ku situdiyo komweko, anawajambula nkhope zawo zenizeni ndipo mawu omwe mumamva aja ndi awo omwe. Tangoganizani anzanu a kuntchito akujambuleni muli ndi ndevu zosameta, zovala zong'ambika, maso ali pa nyama, dziko lonse n'kumaonera. Pierce ndi amenenso analemba nkhaniyo, ndiye tinene kuti anadziseka yekha.

Pachiyambi ali pa kachombo ka matabwa pakati pa nyanja, ndipo m'maso mwa mnzake wonenepayo akusanduka hamburger, nyama yogaya ya mu buledi ija. Akafika pachilumba Bugs amawalandira ngati mwini mudzi, n'kuyamba kulankhula chiyankhulo chabodza chonamizira cha kuzilumba. Apa ndi pomwe ine ndimafa n'kuseka, amalankhula mawu ataliatali osatha koma zolembedwa pansi pa sikirini ndi tiwiri titatu, kenako anena kamawu kakafupi zolembedwazo n'kudzaza mzere wonse. Aliyense amene anakhalapo m'tchalitchi womasulira akuvutika ndi mlaliki wachilendo amvetsa.

Anthu aja nzeru zonse zili pa kalulu wootcha, mpaka kuimba nyimbo akukoleza moto. Bugs amalowa mumphika wawo womwewo n'kumasamba ngati ali m'bafa. Kenako amatenga nkhuku yootcha, n'kuimanga zingwe ngati chidole, iye ali mumtengo, nkhuku yopanda mutu n'kudzuka pa mbale kuyamba kuwakalipira. Ana amaseka pamenepo, koma ine nditaioneranso ndili wamkulu ndinawamvera chisoni pang'ono, chifukwa chakudya chili pamphuno koma sichikulowa m'kamwa. Ndipo anthu amene anaionera koyamba mu 1943 nkhondo yachiwiri ili mkati, nyama ku America ankagula mochita kuyezeredwa ndi makuponi, ndiye nthabwala ya njala ya nyamayo inkawakhudza pamimba penipeni.

Mathero ake ndi ukalulu weniweni, ngati wa m'nthano za agogo zija. Sitima yapamadzi yafika kudzawapulumutsa, Bugs akuwaveka maluwa m'khosi, akuwatsanzika mwachisangalalo, mpaka m'chipwirikiti chomwecho wawasokoneza, iye ndi amene wakwera sitima, iwo atsala pagombe akubayibitsa. Akadzazindikira sitima yapita, ayang'anana, wonenepayo wasandukanso hamburger, woondayo wasanduka hot dog, soseji ya mu buledi ija, n'kuyamba kuthamangitsana.

Mukaipeza yang'anani kumbuyo kwa zithunzi. Mitengo ndi masamba sizinajambulidwe ngati zenizeni, ndi mizere ndi mitundu yosalala ngati ya pachitenje, zomwe pa nthawiyo zinali zachilendo m'makatuni. Nyimbo zake ndi za Carl Stalling.

Tsopano za ma DVD otchipa aja. Lamulo la ku America la nthawi imeneyo linkati umwini wa filimu umatha pakapita zaka 28 ngati eni ake sanaulembetsenso, ndipo pa katuni iyi palibe anaulembetsanso. Ndiye inakhala ya aliyense, kampani iliyonse ikhoza kuikopa n'kumagulitsa osalipira munthu, n'chifukwa chake munaipeza pamsika ndipo mwina mitundu inali yofwifwa mawu akumveka ngati akuchokera m'chitini. Pa YouTube ilipo makope ambirimbiri, ingolembani dzinalo, koma sankhani yooneka bwino chifukwa ena anakopa kuchokera pa matepi akale a VHS ndipo nkhalango yokongola ija imangooneka ngati phala.