Fani ya mu kompyuta pamwamba pa thanki ya mbuna

Achimwene ena a ku Zomba andilembera imelo. Akuti anadzipangira nyali ya LED yoika pa thanki yawo yowetera mbuna, nsomba za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, koma chitsulo chake chikumatentha moti sungasiyepo chala. Ali ndi mafani awiri ochokera mu kompyuta yakufa, ndiye akufunsa ngati angawalumikize pa mawaya omwewo a nyali. Ayi achimwene, musatero. Chifukwa chake ndichinena, koma mundilole ndidandaule kaye, pakuti nkhani imeneyi imandiwawa.

Mnzanga wina wa ku Ndirande anali ndi thanki yokongola, miyala ataisanja bwino, nsomba zake zachikasu ndi zabuluu. Nyali itayamba kutentha anaitana munthu wa zamagetsi wa m'dera momwemo. Mkuluyo anabwera ndi fani ya 230 volts, n'kuimangirira kunsi kwa chivundikiro, mawaya n'kungowapota ndi zala, n'kukulunga tepi yakuda. Analandira yake n'kumapita. Patapita miyezi ndinakacheza, mnzangayo n'kutsegula chivundikiro kuti adyetse nsomba. Tepi ija inali itamasuka, ikungonanda m'zala. Waya wa kopa anali atasanduka wobiriwira. Kunsi kwa chivundikiroko kunali madontho a madzi ali lende, ena pamwamba penipeni pa mfundo ya mawaya. Ndipo amene ankadyetsa nsomba m'mawa uliwonse anali mwana wake wa sitandade 3, yemwe ankakonda kupisa dzanja m'madzi kuti mbuna zimujompheko. Ndinazula pulagi pakhoma ndisanayankhule kalikonse.

Kuchokera tsiku limenelo ine sindinyengerera pa mfundo iyi: magetsi a pakhoma asalowe pansi pa chivundikiro cha thanki. M'menemo muli nthunzi usana ndi usiku, ndipo tepi siilimbana ndi chinyontho. Fani yolowako ikhale ya 12 volts basi. Wina akakuuzani kuti iye wakhala akuchita zimenezi zaka zambiri popanda vuto, mumuuze akachite pa thanki ya kwawo.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi bodza la ogulitsa lakuti LED siitentha. Kutsogolo kwake n'zoona, siiwotcha ngati babu lakale lija. Kutentha kwake kumatulukira kumbuyo, n'chifukwa chake amaimata pa aluminiyamu. Aluminiyamuyo akalephera kutaya kutenthako, nyali imayamba kuzilala, mtundu wa kuwala umasintha, kenaka timababu tina timafa. Ndiye mukuchita bwino kuganiza za fani.

Nsombazo nazonso muziganizire. Mbuna kwawo ndi m'miyala ya ku Cape Maclear, Nkhata Bay, Likoma, kumene madzi amakhala pa madigiri 24 mpaka 28. Nsomba zimenezi n'zimene zinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa m'ndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anzathu a ku Germany ndi ku Britain amene amaziweta amagula zotenthetsera madzi, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti analembera iwowo. Ife vuto lathu ndi Okutobala ndi Novembala, nyumba ya malata ikasanduka ng'anjo, kuonjezerapo nyali yotentha pamwamba pa madzi. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Mukaona nsomba zaunjikana pamwamba zikuyasamula kukamwa masana, musathamangire mankhwala, yambani mwayeza kutentha kwa madziwo.

Tsono kalumikizidwe kake

Nyali zambiri zodzipangira zimayendera driver, kabokosi kopatsa nyali magetsi, yotulutsa mphamvu yosasintha, mwachitsanzo 700 mA, pamene ma volts ake amakwera kutengera kuchuluka kwa ma LED, mwina kupitirira 30. Fani yanu ndi ya 12 volts. Mukaiika pamenepo ikhoza kupsa, kapena idzalanda mphamvu ya nyali n'kusokoneza driver. Pezani adaputa yapadera ya 12 volts DC, ngati ya rauta yakale. Werengani kapepala ka pa fani: ngati palembedwa 0.2 A, mafani awiri ndi 0.4 A, ndiye adaputa ya 1 A ikukwana bwinobwino.

Pa fani ya mawaya atatu, wofiira ndi wa +, wakuda ndi wa −, wachikasu ndi wowerengera liwiro, ameneyo mungomutseka kumapeto n'kumusiya. Ngati mawaya ndi anayi samalani, chifukwa pa ambiri otere wachikasu ndiye wa 12 volts. Ofiira onse awiri apite limodzi ku +, akuda onse awiri ku −. Musawalumikize motsatizana, wina kumchira kwa mnzake, chifukwa adzagawana ma volts n'kumazungulira mwaulesi kapena osadzuka n'komwe. Mfundo zake wotchererani ndi solder, chitsulo chosungunula cholumikizira mawaya, muvekepo heat shrink, kapaipi ka pulasitiki kamene kamafinya waya mukakatenthetsa. Mphepo imatulukira mbali imene kuli kapepala ndi timitanda togwira mota, ndiye ilozeni pa aluminiyamu, ndipo muboole potulukira mpweya wotenthawo.

Adaputa ndi driver zikhale kunja, pouma, pa timer imodzi, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yake, kuti nyali ikayaka fani nayo idzuke. Chingwe chilichonse chochokera ku thanki chitsike kaye pansi pa soketi kenaka chikwere, kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi. Ngati nyumba yanu ilibe RCD ya 30 mA, chipangizo chozimitsa magetsi chokha akayamba kudutsa polakwika monga m'madzi kapena m'thupi la munthu, ikitsani. Phokoso likakusowetsani tulo, adaputa ya 9 volts imachepetsa liwiro, bola muone kuti mafani onse akudzuka okha.

Mphepo ikamakhudza madzi idzawaziziritsako, koma adzaphwa msanga, ndiye muzionjezera ndi madzi ochotsedwa klorini.