Bwanji Anamanga Tchalitchi Chachikulu Chotere pa Likoma?

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera imelo. Akuti mwana wawo anamva kusukulu kuti tchalitchi cha St Peter's pa Likoma n'chachikulu ngati cha Winchester ku England. Akufunsa ngati ndi zoona, komanso chimene chinachititsa amishoni kumanga chinyumba choterechi pakachilumba, kumtunda malo ali mbwee.

Mayi, za Winchester zija n'zokometsera chabe. Cha kumeneko n'chotalika mamita pafupifupi 170, pamene chathuchi chimayandikira 100. Komabe mukatsika Ilala n'kukachiona chili pakati pa milambe, pakamwa pamauma ndithu.

Funso lachiwirilo ndiye lokoma. Amishoni a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), motsogozedwa ndi William Percival Johnson ndi Chauncy Maples, anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880. Nthawi imeneyo kumtunda kunali koopsa: Angoni ankachita nkhondo, ogula akapolo ali pikitipikiti. Madzi ndiwo anali linga. Ndiponso msewu wa masiku amenewo inali nyanja yomweyo. Kuchokera pachilumba, sitima inkafika mosavuta m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, makamaka tsidya la kum'mawa komwe lero ndi Mozambique ndi Tanzania. Ife tikuona ngati kutali chifukwa tazolowera minibasi. Kwa iwo pamenepo panali pakatikati. Nyanjayo inamutenganso Maples, yemwe anamira mu 1895 atangodzozedwa kumene ubishopu.

Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower mu 1903, pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Sanasankhe malowo mwangozi. Mapulani anajambula ndi Frank George, ndipo ntchito inatha cha m'ma 1911.

Nyumbayi anaiyala ngati mtanda, ndipo ili ndi nsanja ziwiri, mazenera a magalasi amitundumitundu ndi denga lamalata. Mipando ya kutsogolo anaisema pamwala wofewa. Miyala ya makoma anaswa pachilumba pomwepo, koma zipangizo zina zambiri zinkachita kuwoloka nyanja. Chomwe chimandinyansa n'chakuti timaloweza maina a mabishopu okha, pamene oswa miyala, amisiri ndi amayi osenza katundu anali anthu a pa Likoma ndi m'midzi yoyandikana nayo.

Mukadzapita, Mayi, mudzapemphe akuonetseni mtanda womwe anausema kuchokera kumtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873. Mudzayesetse kuti Lamulungu likupezeni komweko, mumve kuimba kwa Misa.