Dzina la Hammerfell: nyundo inagwadi, kapena ndi nthano yongomata pambuyo?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa motere: "Ine ndi mnzanga timasewera The Elder Scrolls ndipo takhala tikukangana. Ine ndikuti dzina la Hammerfell linachokera ku nyundo ya a Dwemer yotchedwa Volendrung. Iye akuti zimenezo ndi zonama, a Bethesda anangolumikiza mawu awiri achingerezi omveka bwino basi. Akulondola ndani?"

Achimwene, zikomo polemba. Kwa omwe sakudziwa, The Elder Scrolls ndi masewera a pakompyuta opangidwa ndi kampani ya Bethesda; nkhani zake zimachitikira m'dziko lopeka la Tamriel, ndipo Hammerfell ndi chimodzi mwa zigawo zake. Mnzanuyo ali ndi mfundo, koma akulakwitsa poganiza kuti mfundo yakeyo ikugwetsa yanu.

Tiyambe ndi zomwe zili m'masewera enieniwo. A Chimer ndi a Dwemer, mitundu iwiri yakale ya ku Tamriel, atagwirizana ku Resdayn, dziko lomwe lero timalitcha Morrowind, pansi pa utsogoleri wa Nerevar ndi Dumac, fuko lina la a Dwemer lotchedwa Rourken linakana mgwirizanowo kwamtuwagalu. Mfumu yawo inaponya Volendrung m'mwamba n'kulumbira kuti anthu ake akakhazikika pomwe nyundoyo ikagwere. Inauluka kudutsa Tamriel n'kukagwera kumadzulo, ndipo malowo anawatcha Volenfell, kutanthauza "Mzinda wa Nyundo" m'chilankhulo chawo. A Dwemer onse anazimiririka cha m'ma 700 m'Nyengo Yoyamba ya mbiri ya Tamriel. A Redguard, mtundu wa anthu ochokera kutsidya kwa nyanja ku Yokuda, anafika patatha zaka pafupifupi 100, n'kupeza mizinda yopanda eni ake.

Pomwe mnzanu akulondola ndi apa. Hammerfell inalipo kale pa mapu a The Elder Scrolls: Arena, omwe anatuluka mu 1994, pamodzi ndi Skyrim, High Rock, Black Marsh, Valenwood ndi zigawo zina. Masewera amenewo poyamba anakonzedwa kuti akhale a magulu omenyana m'mabwalo, ndipo mbiri ya dziko lake inali yochepa kwambiri. Maina ambiri anali achingerezi chosavuta. Nkhani yonse ya kuponya nyundo ndi dzina la Volenfell timaiwerenga m'kabuku kotchedwa Pocket Guide to the Empire, komwe kanabwera pamodzi ndi masewera a Redguard mu 1998. Choncho n'zoona kuti dzina linayamba, kufotokoza kunadza pambuyo. Komabe mnzanuyo adziwe kuti nyundoyo sanaitole m'malere: Volendrung inali kale pakati pa zida zamphamvu za mu Arena. Olemba a 1998 anatenga zinthu ziwiri zomwe zinali patalipatali, nyundo ndi dzina la chigawo, n'kuzimanga pamodzi.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi momwe anamangira. Munthu wongomva Hammerfell amaganiza kuti akuti "nyundo inagwa", chifukwa "hammer" ndi nyundo ndipo "fell" ndi kugwa. Olembawo akanatha kulekera pomwepo. Mmalomwake anati "fell" ameneyu si wachingerezi ayi, ndi mawu a chi-Dwemer otanthauza mzinda. Ndiye kuti Volenfell anamasuliridwa theka lokha: "Volen" anasanduka "Hammer", koma "fell" anatsala momwe analili, ndipo anthu obwera pambuyo anamumva ngati mawu a chilankhulo chawo. Maina a malo enieni amasintha motero ndithu pamene mtundu wina walowa m'malo mwa unzake. Atsopanowo amasunga kamvekedwe, tanthauzo n'kuliiwala, kenaka n'kupeka nthano yoti igwirizane ndi zomwe makutu awo akumva. Pachifukwa chimenechi ine ndimaona kuti wosewera ali ndi ufulu wokayikira ngati nyundo inaulukadi mtunda wonsewo, koma n'kuvomerezabe kuti dzinalo ndi la a Dwemer.

Umboni wachiwiri ndi Vvardenfell, chilumba chomwe timayendapo m'masewera a Morrowind a 2002. Dzina limeneli amalimasulira kuti "Mzinda wa Chishango Cholimba", nalonso la chi-Dwemer, ndipo "fell" yemweyo wabweranso. Apa okonda masewerawa amagawikananso. Ena amakumbutsa kuti kumpoto kwa England "fell" ndi phiri, mawu ochokera ku "fjall" wa chi-Norse chakale, ndipo pakati pa Vvardenfell pali phiri lalikulu lophulika, Red Mountain. Iwo amati olemba ayenera kuti anali ndi phiri m'maganizo. N'kutheka. Koma limenelo ndi funso lokhudza anthu omwe anakhala muofesi ya Bethesda ku Maryland, osati lokhudza a Dwemer. Mikangano yambiri ya mtunduwu imatalika chifukwa wina akuyankha funso loyamba pomwe mnzake akuyankha lachiwiri, aliyense osazindikira.

Daggerfall, mzinda wa ku High Rock, musausakanize ndi izi. Kumeneko ndi "fall", osati "fell", ndipo buku la m'masewera lonena za mbiri ya mzindawo limati dzinali akuti linachokera ku mpeni womwe mfumu yoyamba inaponya pofuna kulemba malire a dziko lake. Wolemba wake amawonjezera yekha kuti palinso nthano zina zomwe zikhoza kukhala zoona chimodzimodzi.

Mawu owonjezera amenewo ndi ofunika, chifukwa akuonetsa khalidwe la masewerawa. Mabuku omwe timatola m'nyumba ndi m'mapanga a ku Tamriel amalembedwa ngati ndi a anthu a m'dzikomo, aliyense ndi tsankho lake, umbuli wake ndi bwana wake. Pocket Guide ya 1998 imadzionetsa ngati kabuku ka boma la mfumu yaikulu Tiber Septim, kotamanda ufumu ndi kunyoza mitundu ina, mpaka m'mphepete mwa masamba muli ndemanga za wowerenga wina wa mtundu wa ma elf akutsutsa zomwe zalembedwazo. Munthu sangatenge kabuku kotere ngati mawu omaliza pa chilichonse. Bethesda anachita dala kuti kasakhale kotero.

Ngati mnzanu akufuna chitsanzo chomwe chikumukomera kwambiri, mupatseni Elsweyr, dziko la a Khajiit, anthu ooneka ngati amphaka. Aliyense wodziwa Chingerezi akhoza kumva kuti ndi "elsewhere", kutanthauza "kwinakwake". Pambuyo pake panabwera mafotokozedwe awiri: ena amati likuchokera ku mwambi wa a Khajiit woti dziko langwiro limapezeka kwina nthawi zonse, ena amati ndi Llesw'er, paradaiso yemwe mulungu wawo Riddle'Thar analonjeza mtunduwo. Apa ine ndimaona msoko wake poyera, pakuti mwambi wa a Khajiit ukudalira kamvekedwe ka mawu achingerezi. Ntchito yomwe inagwiridwa pa Hammerfell ndi yolimba kuposa imeneyi, chifukwa "fell" wa a Dwemer akugwira ntchito pa malo awiri otalikirana omwe onse ali ndi mabwinja a mtundu umodzi.

Tamriel weniweniyo alinso ndi matanthauzo awiri m'mabukumo, "Kukongola kwa Mbandakucha" ndi "Mtima wa Nyenyezi", ndipo sindiona chifukwa chosankhira limodzi n'kutaya linzake.

Yankho langa kwa inu ndi ili: m'mbiri ya Tamriel, inu mukulondola, Hammerfell ndi Volenfell womasuliridwa theka, ndipo nyundo ili pakati pa nkhaniyo. M'mbiri ya Bethesda, mnzanu akulondola kuti dzina linatsogola. Chomwe sindikuvomereza ndi mawu ake oti "zonama". Nkhani ya Rourken yakhala m'masewerawa kuyambira kalekale ndipo amamangapo zina mpaka pano. M'masewera a Skyrim a 2011 mukhoza kuigwira Volendrung m'manja mukamaliza ntchito ya mulungu Malacath yoyambira ku Largashbur, ndipo mu The Elder Scrolls Online wa 2014 mabwinja otchedwa Volenfell alipo m'chipululu cha Alik'r, omwe amalowedwa ndi gulu la osewera anayi. Mtengeni mnzanuyo, mupeze ena awiri, mukalowemo limodzi.