Impso za mwana zatupa: n'chifukwa chiyani akujambulidwa kawiri?

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali ndi masabata atatu. Ndili woyembekezera, sikani inaonetsa kuti impso zake zonse ziwiri zatupa, ndipo pano amangokodza modontheza. Akuti akamujambule sikani ina komanso X-ray. Kodi imodzi siyokwana? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Siyokwana Mayi, ndipo chonde musadikire. Impso zonse ziwiri kutupa, mwana n'kukhala wamwamuna wokodza modontheza, timayamba taganizira kakhungu kopyapyala kamene ana ena aamuna amabadwa nako m'njira yotulukira mkodzo, pansi pa chikhodzodzo. Mkodzo ukatsekeka pamenepo umadzadzana mpaka ku impso n'kumaziwononga mwakachetechete.

Sikani ndiyo imayamba. Siipweteka ndipo ilibe cheza ngati cha X-ray. Wojambula amayeza kathumba kosonkhanira mkodzo m'kati mwa impso: kakachepera mamilimita 10 nthawi zambiri palibe vuto, kakaposa 15 tifufuze. Amaonanso ngati khoma la chikhodzodzo lakhuthala, ndi mkodzo wotsalira mwana akakodza. Sikani yojambulidwa mwana asanathe maola 48 imatha kunamiza, chifukwa khanda limakhala lisanayambe kupanga mkodzo wambiri.

Koma sikani imaonetsa kutupa, osati chimene chatseka. Apa m'pamene pabwerera X-ray yotchedwa MCUG. Amalowetsa kachubu kakang'ono kunjira ya mkodzo, n'kudzaza chikhodzodzo ndi mankhwala ooneka pa chithunzi, kenaka amajambula mwanayo akukodza. Chithunzi cha nthawi yokodzayo ndicho chofunika. Akachiphonya, kakhungu kaja sikaoneka. Chimaonetsanso ngati mkodzo ukubwerera kukwera ku impso. Mwana amalira ndithu pomulowetsa kachubu, koma zimatha msanga. Asajambulidwe ali ndi matenda a m'mkodzo osachizidwa, ndipo akatentha thupi patangopita masiku ochepa, thamangani naye kuchipatala.

Ikanakhala impso imodzi, tikanaganizira kutsekeka potulukira mkodzo pa impsoyo, ndipo pamenepo imathandiza ndi sikani ya MAG3, yoonetsa mmene impso iliyonse ikutulutsira mkodzo. Kwa ana okulirapo osambira m'nyanja ya Chilwa kapena ya Malawi, tiyezenso likodzo, popeza limasiya zipsera zotseka njirazi.

Wanuyo ayezedwenso magazi kuti tione mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo madokotala angamuike kachubu kotulutsa mkodzo asanamujambule n'komwe. Pemphani kalata yokutumizani kwa madokotala a opaleshoni ya ana, monga a ku Mercy James pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, sabata ino.