Kodi filimu ya tianthu ta ku Ireland ndi yoyenera ana aang'ono?

Funso: Akonzi, ndine mayi wa ana atatu. Wamng'ono, wa zaka zisanu, akukana kugona yekha chionerereni filimu yakale ya Darby O'Gill and the Little People, pamene ine ndinamva kuti ndi yanthabwala ndiponso yoyenera banja lonse. Kodi ndinalakwa kumuonetsa?

Yankho: Mayi, musadziimbe mlandu, komanso musapeputse mantha a mwanayo. Filimuyi, imene kampani ya Walt Disney inatulutsa mu 1959, inachokera mu nthano za ku Ireland, ndipo nthanozo zimasakaniza zoseketsa ndi nkhani za imfa.

Zoseketsa zimachokera kwa Darby, nkhalamba yokonda kukamba nthano, imene imapikisana nzeru ndi Brian, mfumu ya tianthu totchedwa leprechaun. Wogwira mfumuyi amaloledwa kupempha zinthu zitatu, koma akawonjeza chachinayi amataya zonse. Tianthuto sanatipange ndi kompyuta ayi. Ankaimika osewera ena kutali ndi kamera, ena pafupi, kotero kuti akutaliwo ankaoneka ofika m'maondo mwa anzawo, luso limene limandigometsa mpaka lero. Mulinso Sean Connery ali mnyamata, asanatchuke monga James Bond.

Chimene chinaopsa mwana wanu ndikukhulupirira kuti ndi banshee, mzimu wachikazi umene anthu akale a ku Ireland ankati umalira usiku polosera maliro m'banja. Umaonekera pamene Katie, mwana wa Darby, ali kayakaya atagwa paphiri, ndipo pambuyo pake pamabwera ngolo yakuda yodzatenga womwalira, woyendetsa wake wopanda mutu. Apa m'pamene pagona mtima wa nkhani yonse, chifukwa Darby amagwiritsa ntchito pempho lake lachitatu kuti ngoloyo itenge iyeyo m'malo mwa mwana wake. Mfumu Brian, pomumvera chisoni, imamunyengerera kuti apemphe kachinayi, mapempho onse n'kufafanizika, ndipo bambo ndi mwana onse amapulumuka.

Mwana wa zaka zisanu amakumbukira nkhope ya mzimuwo kuposa mathero okomawa. Mufotokozereni masana, mwachifatse, kuti Katie anachira ndipo Darby anabwerera kwawo wamoyo. Akulu ake angathe kuionera inu mulipo, koma iyeyu ayambe wadikira zaka ziwiri kapena zitatu.